Kalata kwa makolo pakutha pa teremu yoyamba

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi aphunzitsi anzanga. Teremu yoyamba tamaliza bwino, ndipo malipoti a mayeso tawapatsa ana anu. Muwafunse ndithu, paja ena amaiwalira dala m'chikwama.

Nkhani imene ndikufuna ndikambepo kwambiri ndi ya kubwalo la masewero, ndipo ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Kwa zaka zambiri belu la masewero likalira, ana athu aulumali tinkawakhazika patsinde pa mango kuti azilondera zikwama ndi nsapato za anzawo. Ine ndinkaziona, koma mumtima ndinkati tikuwachitira chifundo. Amene anandidzudzula ndi mphunzitsi wathu wa ana ofunika chithandizo chapadera, amene anachita maphunziro ake kukoleji ya Montfort, m'boma la Chiradzulu. Anandifunsa mwaulemu kuti, "Ahedi, kodi ana awa analakwanji kuti azingoonerera?" Ndinasowa poyankha.

Madamu amenewa ndiwo atibweretsera goalball, masewero a anthu osaona amene anayamba mu 1946 pofuna kuthandiza asilikali amene anachita khungu pankhondo yachiwiri ya padziko lonse. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu atatu, onse omangidwa nsalu kumaso, ndipo amagubuduza mpira wokhala ndi timabelu mkati. Oonerera ayenera kukhala chete kuti osewera amve kumene mpira ukulowera. Apa ndiye panali ntchito, makolo. Kuti ana a sitandade 3 akhale duu mpira uli mkati, ngakhale ine ndi belu langa sindinakwanitsepo.

Mpira weniweni wa goalball tilibe. Amayi a mother group anakulunga wachikulunga, nkuikamo maseche, ndipo umalira bwino zedi. Anasokanso nsalu zomanga kumaso osalandira kanthu. Bambo wina wowotcherera zitsulo pamsika wathu watikonzera kawiri njinga ya mwana wolumala miyendo, ndipo titamufunsa mtengo anangoti tikaponye kaye chigoli. A komiti ya sukulu anakwirira maenje a panjira yopita kubwalo. Nonsenu ndikuti zikomo kwambiri, Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsa. Sindingaiwalenso anyamata ndi atsikana a sitandade 7 amene amathamanga limodzi ndi anzawo osaona, atagwirana kachingwe kudzanja. Zimenezi zimafuna mtima, chifukwa woperekeza saloledwa kumukoka mnzake, ayenera kutsata liwiro la mwini mpikisano.

Pa 3 Disembala, tsiku lokumbukira anthu aulumali padziko lonse, tinawafotokozera ana za Taonere Banda, mtsikana wovutika kuona amene anathamanga mamita 400 mumzinda wa Rio de Janeiro ku Brazil mu 2016. Iye ndiye Mmalawi woyamba kupikisana pamasewero a Paralympics, mpikisano waukulu wa anthu aulumali padziko lonse. Tinawauzanso kuti masewero akuluakuluwa anayamba mochepa. Mu 1948 dokotala wina, Ludwig Guttmann, anasonkhanitsa odwala 16 ovulala msana pachipatala cha Stoke Mandeville ku England kuti apikisane kuponya mivi. Pofika 1960 zinali zitakula mpaka kukachitikira mumzinda wa Rome. Mtsikana wina wa sitandade 5 anafunsa ngati dokotalayo naye ankagwiritsa ntchito maseche, bwalo lonse nkufa nacho chiseko.

Tsopano pempho langa. Ndikudziwa kuti m'midzi yathu muli ana aulumali amene sanaponde pasukulu pano, ena chifukwa cha mtunda, ena chifukwa makolo akuopa kuti anzawo aziwaseka kapena avulala. Mantha amenewo ndikuwamvetsa, nanenso ndine kholo. Koma bwerani Lachitatu lililonse masana mudzadzionere nokha mmene ana akuchitira, kenako tidzakambirane. Mafumu athu, tithandizeni kufalitsa uthengawu pamisonkhano yanu. Chimbudzi choti njinga ya olumala nkulowamo tikadalibe, ndipo nkhaniyi ndidzaibweretsa pamsonkhano wa PTA.

Tsiku lotsegulira teremu yachiwiri talilemba pa lipoti la mwana aliyense. Popeza mvula yayamba, musalole ana kuwoloka mitsinje okha. Amene ali ndi chingwe cholimba chimene sakuchigwiritsa ntchito, atumize mwana nacho potsegulira, tikufuna kuyala malire a bwalo la goalball kuti osewera aziwakhudza ndi manja.

Ndine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu