Za kimchi ija unainyoza pa foni

Mwana wanga,

Ndati ndingokulembera chifukwa dzana netiweki imangodukaduka, koma zimene unanena zija sizinandichoke m'mutu. Akuti anzako a kuntchito anakutengera ku New Malden, dera lina la ku London, kukadya za ku Korea, iwe n'kungoitanitsa nkhuku yokazinga ndi Coke basi, zinazo ukuti zimanunkha ngati zaola. Iwe! Si iwe yemwe uja unandiimbira chaka chatha mawu akunjenjemera kuti wina mu ofesi anatsegula mawindo onse utatenthetsa usipa wako mu mayikulowevu? Unati anthu osadziwa zinthu. Nanga lero wotsegula mawindo ndi ndani?

Ine zakudya zimenezi ndinazidziwira kwa anamwino a ku Korea amene ndinkagwira nawo ntchito ku Lilongwe kuno, iwe uli ku sekondale. Mmodzi ananditengera ku lesitilanti ina tsiku lolandira malipiro, ndiye tisanaitanitse n'komwe weta anayamba kundandalika timbale ting'onoting'ono pa tebulo, ine mtima phaa kuwerengera kuti kambale kalikonse ndi ndalama, sindinakhudze olo kamodzi mpaka mnzanga uja anaseka kugwetsa misozi. Timbale timeneti amati banchan, ndi ndiwo zoperekezera mpunga, kwawoko salipiritsa ndipo zikatha amawonjezera. Ku London kuja malo ena amalipiritsa paokha, ndiye ingofunsa, kufunsa si umbuli.

Mu kambale kamodzi munali tinsomba touma tokazinga ndi sosi wa soya, totsekemera pang'ono, amati myeolchi. Mwana wanga, bonya weniweni. Ndinangoti mwana wa kunyanja ndafika kwathu.

Kimchi yo sinaole ayi, ndi yosasitsa dala. Amatenga kabichi uja wa masamba aatali, kumuthira mchere kuti afote, kenako kumupaka tsabola wogaya wotchedwa gochugaru, adyo, jinja ndi msuzi wa nsomba zamchere, n'kusunga masiku kapena miyezi mpaka awawase. Kale ankakwirira mitsuko yake pansi kuti akhale ndi ndiwo nyengo yozizira pamene kudimba kulibe kanthu, ngati mmene agogo ako ankachitira mfutso kudikira chilimwe. Mwambo wokonza kimchi pamodzi monga banja kapena mudzi amautcha kimjang, ndipo a UNESCO anaulemba pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2013. Ndiye iwe amene umamwa thobwa la masiku atatu, iwe amene kondowole wa kwa azakhali ako ku Nkhata Bay umamudya mpaka kunyambita zala ngakhale chinangwacho chaviikidwa m'madzi masiku angapo, fungo lakuwopsa liti? Ndikuuze chilungamo, tsiku loyamba nane ndinatsokomola, lachiwiri ndinangoti bola, lachitatu ndinapempha ya kunyumba.

Ukabwererako yamba ndi bibimbap, koma unene kuti ukufuna ya dolsot, ija imabwera mu mphika wamwala ukuthetheka. Pansi pali mpunga, pamwamba masamba osiyanasiyana, nyama ndi dzira, ndipo umathira gochujang, phala lofiira la tsabola, n'kusakaniza zonse ndi supuni. Thira pang'ono kaye, sapweteka ngati kambuzi koma amakwera pang'onopang'ono. Usathamangire kumaliza chifukwa pansi pa mphikapo mpunga umapserera n'kupanga nkhoko, iwo amati nurungji ndipo amazikonda ngati mmene iwe ndi achimwene ako munkalimbiranira poto wa nsima. Mukakhala gulu itanitsani samgyeopsal, nkhumba ya pamimba yomwe mumawotcha nokha pa tebulo pomwepo, kuidula ndi sizasi, kuikulunga mu tsamba la letesi ndi adyo n'kuponya mkamwa kamodzi. Koma naengmyeon udikire kaye, ndi manudo a mu msuzi wozizira mpaka nthawi zina muli ayisi, ineyo mpaka lero sindinagwirizane nawo, msuzi wozizira kwa ine ndi wa dzulo.

Timitengo tawo todyera ndi tachitsulo, timaterereka kuposa ta matabwa, usachite manyazi mpunga ndi msuzi iwo omwe amadyera supuni. Chimene usachite ndi kuzika timitengoto chilili mu mpunga, zimenezo zimakumbutsa chakudya choperekera mizimu ya makolo. Zinazo unaphunzira kale pakhomo pano, wamkulu ayambe kudya ndiye iwe, polandira kapu ulandire ndi manja awiri, pothirira wamkulu chakumwa chimodzimodzi. Ndipo soju, mowa wawo uja wa mu botolo lobiriwira, imatsika ngati madzi koma ndi yamphamvu kuposa wayini, komanso kapu yako ikangouma wina amadzazanso. Ndakuuza, sitima yobwerera ku Waterloo siidikira woledzera.

China, mwamuna wako uja thupi lake limadana ndi za m'nyanja yamchere, umuuze weta poyambirira chifukwa mu kimchi yambiri mumakhala ma shrimp amchere osaoneka n'komwe.

Mnzako amene anakuitanayo ngati ndi wa ku Koreako, dziwa kuti anakutengera kumene iye amapita akapukwa kwawo. New Malden ndi kumene kuli anthu ambiri a ku Korea mu UK monse, ena mpaka othawa ku North Korea, ndiye nkhope ija unapanga anaiona ndithu ngakhale sananene. Umuimbire, umuuze kuti ulendo uno asankhe yekha zakudya, kenako tsiku lina umuitane kwanu umuphikire nsima ya usipa ndi chigwada uone ngati sapempha wina.

Pobwera pa Khisimisi undigulireko paketi ya gochugaru mu mashopu awo aja, kabichi wa Chinese ndadzala kale kuseri. Bambo ako akupereka moni, akuti nsapato zija zawathina.

Ndine mayi ako.