Chinamiza Re d'Italia si chisonga chokha

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za sitima yankhondo yapamadzi ya dziko la Italy yotchedwa Re d'Italia, chifukwa anthu ambiri akamakamba za kumira kwake amangotchula chisonga cha sitima ya adani chimene chinaiboola, n'kusiya zimene zinaipereka m'manja mwa adani.

Sitimayi inakhomedwa ku New York ndi William H. Webb ndipo inatha mu 1864. Inali yamatabwa, koma m'mbali mwake anaikuta ndi zitsulo zochindikala mamilimita 114. Zitsulozo sizinateteze chiwongolero chake kumbuyo, ndipo kwa ine apa ndi pamene panagona tsoka lonse.

Pa 20 Julayi 1866, pafupi ndi chilumba cha Lissa, chimene lero chimatchedwa Vis ku Croatia, Italy inamenyana ndi Austria panyanja. Italy inali ndi sitima 12 zokutidwa ndi zitsulo pamene Austria inali ndi 7 zokha. Nkhondo ili pafupi kuyamba, mkulu wa sitima zankhondo za Italy, Carlo di Persano, anaimitsa Re d'Italia kuti atsike n'kukakwera ina yotchedwa Affondatore, osadziwitsa bwino akapitawo ake. Kuimako kunasiya mpata pamzere wa sitima, ndipo akapitawo anapitiriza kuyang'ana mlongoti wa Re d'Italia kudikira malamulo kuchokera kwa munthu amene sanalinso m'menemo. Wilhelm von Tegetthoff, mkulu wa sitima zankhondo za Austria, analowera pampata womwewo. Mu utsi wa mizinga chiwongolero cha Re d'Italia chinaonongeka, sitimayo n'kulephera kukhota, ndipo sitima ya Austria yotchedwa Erzherzog Ferdinand Max inaigunda m'nthiti ndi chisonga chachitsulo cha kumphuno kwake. Sitima ya Austriayo itabwerera m'mbuyo, madzi anakhuthukira pachibowocho ndipo m'mphindi zochepa sitima inamira pamodzi ndi anthu pafupifupi 400, kuphatikizapo kapitawo wake, Emilio Faà di Bruno.

Persano anazengedwa mlandu n'kuchotsedwa paudindo mu 1867, ndipo ndikuona kuti chinali chilungamo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mayiko a ku Ulaya anatolapo phunziro lolakwika: kwa zaka zambiri anapitiriza kuika zisonga pa sitima zawo, kuiwala kuti imene inabooledwa ku Lissa inali itapunduka kale. Mu 1893 chisonga cha sitima yotchedwa Camperdown chinamiza Victoria, sitima inzake ya Britain yomweyo, pa nthawi ya mtendere, ndipo anthu 358 anafa.

Ndine wowerenga wanu,
ku Zomba