Tizidole tobiriwira ta ana si ufiti ayi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko ndi makolo anzanga kudzera m'nyuzipepala yanuyi. Ine ndimalemba zikwangwani pano pa Dedza boma, ndipo utoto ndi umene umadyetsa banja langa.

Mwezi watha mwana wa achemwali anga, wa Fomu 2, analandira kakatoni kuchokera kwa bambo ake ku Johannesburg. Munali tizidole ta pulasitiki ta masewera a Warhammer, amene kampani ya Games Workshop ya ku England inayambitsa mu 1983. Tinali ma orc ndi ma goblin, zilombo za m'nthano zooneka ngati anthu, tosaposa chala chachikulu kutalika, mano ali panja ngati a njiri. Achemwali atangotiona anati ndi za ufiti, titenthedwe. Ndinachita kuwagwira mwendo kuti andipatse sabata imodzi.

Tizidoleti timabwera tosapenta, mwini wake ndiye apente yekha. Mnyamatayo anali atapaka kachidole kamodzi utoto wobiriwira wa mtundu umodzi thupi lonse, kakuoneka ngati tsamba la nthochi. Ndinamuuza kuti khungu, kaya likhale lobiriwira, pansi pake payenera kuoneka kuti pakuyenda magazi.

Tinayambiranso. Titapaka utoto woyalira pansi, tinaika wobiriwira wodera ngati mapaini a m'phiri la Dedza, wa acrylic, wosungunula ndi madzi mpaka ufanane ndi mkaka. Kupaka kawiri mopyapyala kumaposa kamodzi mokhuthala, chifukwa wokhuthala umakwirira makwinya a nkhope. Kenako tinathira wabulauni wamadzimadzi kuti ulowe m'mizere ya minofu ndi pansi pa chibwano. Ndi kuzizira kwa kuno utoto umachedwa kuuma, ndiye kudikira kunamuvuta ndithu.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi powalitsa khungulo. Iye anathamangira woyera, phewa la chidolecho n'kutuwa ngati lagwa m'phulusa. Wobiriwira amawalitsidwa ndi wachikasu, pang'onopang'ono, pamphumi, pamphuno ndi pamapewa pokha. Pomaliza tinadontheza kofiirira pamilomo, kunsonga za makutu ndi pamfundo za zala. Apo m'pamene kanakhala ngati kapuma. Mnyamatayo anangoti kukamwa yasa, n'kuthamanga kukaonetsa mayi ake.

Makolo anzanga, mwana wokhala maola awiri chete atagwira kaburashi akuphunzira ntchito yamanja. Kuno kwathu kujambula si kwachilendo. Zojambula za makolo pamiyala ya ku Chongoni zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo alendo amabwera kudzaziona. Musanaponye zinthu za mwana pamoto, yambani mwamufunsa kuti n'chiyani.

Amagolosale a pabomanu ndikupempheni muziodako timaburashi tating'ono, chifukwa ife tinachita kutuma munthu ku Lilongwe. Mnyamata uja tsopano Loweruka lililonse amandithandiza kulemba zilembo zing'onozing'ono, ndipo dzanja lake silinjenjemera.

Wolemba zikwangwani,
Dedza boma