Zikomo a Khonsolo ya Likoma, munatilandira ngati abale anu

Bwana DC ndi nonse ogwira ntchito ku Khonsolo ya Boma la Likoma,

Ndikulemba m'malo mwa amayi anzanga a gulu lathu la banki mkhonde kuno ku Lilongwe, ine ndi mlembi nde zolembalemba zonse amangondiponyera. Titagawana masheya tinagwirizana kuti ulendo uno tisathere zonse pa malata ndi feteleza, tipatuleko kangachepe tikaone Likoma. Kunyumba ena anatiseka kuti kumeneko nkwa azungu, inu mukagona pati, mukadya chani. Nde kalatayi ndi yothokoza ofesi yanu chifukwa anatitsimikizira kuti Mmalawi wamba wa kachikwama kakang'ono atha kufika, kugona, kudya nkubwerako bwinobwino ndi anthu anu.

Bambo amene anayankha foni ku ofesi kwanu sanatitaye olo pang'ono. Tinkawaimbira pafupipafupi ndi mafunso ena achibwana, iwo osatopa, anatiuza tsiku limene sitima imanyamuka pa Nkhata Bay, anati tifike msanga chifukwa katundu amachuluka, titengeko ndalama zapamanja tisadalire za pafoni zokha, komanso ndi iwowo anatilumikiza ndi resiti hausi ina pa Mbamba yogwirizana ndi thumba lathu. Malo apamwamba ngati Kaya Mawa tinangowamva mbiri, mitengo yake ndi ya madola, ife zimenezo ayi. Ku resiti hausi yathu ija zipinda zinali zaukhondo, maneti a udzudzu osang'ambika, madzi osamba amatitenthetsera mmawa. Basi, munthu umafunanso chani.

Pa Ilala mpamene ena mwa ife anayamba kuitana Mulungu mokweza, mwera utayamba. Koma sitima imeneyi ndi nkhalamba yolimba abale, inapangidwa ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa nkudzailumikiza konkuno, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Tinakwera limodzi ndi matumba a chimanga, simenti, makreti a zakumwa, nkhuku, njinga, ndipo apa mpamene ndinamvetsa chifukwa chake shuga ndi mafuta ophikira zimakwererako mtengo pachilumba, chilichonse chimachita kuoloka nyanja.

Chimene chinatigwira mtima kwambiri ndi tchalitchi cha St Peter's. Pa zithunzi chimaoneka chachikulu inde koma ukaima pakhomo pake mpamene umadzifunsa kuti kodi anthu amenewa anamanga bwanji chinthu chotere pa kachilumba ka masikweya kilomita 18 okha, opanda thalakitala, opanda kreni. Mnyamata amene munatipezera kuti atiyendetse anafotokoza bwino zedi osathamanga, kuti amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA anakhazikika pano m'zaka za m'ma 1880, ntchito yomanga inayamba mu 1903, ndipo tchalitchi anachipatula mu 1911. Anatiuzanso za Bishopu Chauncy Maples amene anamira pa nyanja mu 1895 atangodzozedwa kumene, manda ake ali ku Nkhotakota. Anationetsa mipando ya kwaya yosemedwa pa mwala, magalasi amitundumitundu m'mawindo, kenako kamtanda kakang'ono ka mtengo, akuti anakasema kuchokera ku mtengo umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone kwa Chitambo ku Zambia, kumene anamwalirira mu 1873. Dera lomwelo ndi limene limatchedwa Ilala, dzina la sitima tinakwera ija. Mayi wina mwa ife ndi wa CCAP weniweni wosasunthika koma Lamulungu anali woyamba kuvala kuti tisachedwe ku misa, ndipo kuimba kwa anthu a pa Likoma ndi nkhani ina, nyumba yonse ija imachita kudzadza ndi mawu.

Funso limene tonse tinali nalo mnyamatayo analiyankha tisanafunse. Ukaima kugombe la kummawa mapiri ukuwaonawo ndi a Mozambique, Cobue ali pompo, madzi ozungulira chilumba ndi a Mozambique, koma Likoma ndi Chizumulu ndi Malawi. Chifukwa chake ndi mishoni yomweyo, pamene azungu ankagawana malire zilumbazi zinatsalira mbali ya Angelezi poti amishoni awo anali atakhazikika kale. Izi kusukulu tinangozidumpha, ine ndazimvetsa ndili ndi zidzukulu.

Za chakudya ndisaname, kondowole inatigawa pawiri. Ife a chigawo chapakati tinazolowera mgaiwa nde tsiku loyamba ena amalimbana nayo ngati chingamu, mpaka mayi ophika anabwera nkutiuza akuseka kuti iyi satafuna, umangotema kambamu kakang'ono, kuviika mu msuzi nkumeza. Atatero zinayenda. Ndiwo zake usipa wauwisi wongovuula kumene, wothira tomato ndi anyezi basi, pambali chigwada chotendera. Tsiku lina anatiotchera utaka pamakala, tinadyera panja pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinene pano kuti usipa wouma umene timagula kuno mu msika uja ndi chithunzi chabe. Nthaka ya pachilumba ndi yamiyala ndi mchenga, chimanga sichichita bwino kwenikweni, nchifukwa chake chinangwa chili paliponse, chonyika, choyanika pa thandala, chosinja. Malambe nde osakamba, mitengo yake ili mbwee njira yonse.

Tinayenda wapansi kwambiri, pena pa njinga zamoto, mpaka madzulo ndithu ndipo palibe anatiopseza kapena kutikweza mtengo poona kuti ndife alendo. Ana amapereka moni mwaulemu, pamsika pa Mbamba mposesedwa. Zinthu ngati zimenezi sizichitika zokha, pali mafumu, a mpingo ndi inu a khonsolo amene mukugwirapo ntchito, nde landirani ulemu wanu.

Pempho lathu ndi limodzi. Mutaika pa Facebook mndandanda wa malo ogona otsika mtengo, masiku a sitima ndi anthu oyendetsa alendo amene mumawadziwa, magulu ngati lathu, ma kwaya ndi ana a sukulu angabwere ambiri, chifukwa chimene chimawabweza anthu ndi kusadziwa poyambira. Ife tayamba kale kusonkha za Chizumulu, poti ulendo uno tinangochiona tili pa sitima. Bambo a pafoni aja muwauze akonzeke, tiwavutitsanso.

Mutiperekereko moni kwa mayi ophika aja ndi mnyamata wotiyendetsa.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu, Area 25, Lilongwe