Lipoti la ku Cambridge, za msonkhano wokumbukira Tim Hartnell, wolemba mabuku a mapulogalamu a kompyuta uja

A tcheyamani ndi nonse a m'gulu, zikomo ponditumako komanso pa ndalama ya sitima ija. Ndabwerako bwino, ndiye lipoti ndi ili musanayambe kundiimbira mmodzimmodzi.

Kunadzaza madoda a imvi omwe m'ma 1980 anali ana asukulu, ena atanyamula makompyuta awo akale m'makatoni ngati mazira. Anasankha Cambridge poti nkomwe kunali kampani ya Clive Sinclair yomwe inapanga makompyuta a ZX80, ZX81 ndi Spectrum.

Malemu Hartnell anali mtolankhani wa ku Australia, wobadwa 1951, ndipo zamakompyutazi anadziphunzitsa okha. ZX80 itatuluka mu 1980 iwo ali ku Britain anayambitsa nawo kalabu ya eni makinawa ndi kamagazini kake kotchedwa Interface, kenako kampani yosindikiza mabuku ya Interface Publications, ndipo mu 1982 anakhala mkonzi wa magazini ya ZX Computing. Anabwerera kwawo mu 1984, nkumwalira ndi khansa mu 1991.

Koma chomwe ndikufuna mumve bwino ndi mmene mabuku awowo ankagwirira ntchito. ZX80 inkagulidwa yosakwana £100, memory yake (mosungira zomwe walemba) 1K basi, lipoti mukuwerengali silingakwanemo. Sikirini panalibe, umalumikiza ku TV ya pabalaza, kusunga ntchito yako umajambulira pa kaseti wamba wa nyimbo. Ndiye ukagula buku la magemu, mkatimo munalibe gemu yoti ungoyika nkuyamba kusewera ayi, munali mizere ya BASIC (chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta), yokhala ndi manambala 10, 20, 30 mpaka tsamba kutha, mwana nkukhala pansi kukopera chilembo ndi chilembo madzulo onse, ukaphonya kamodzi pulogalamu siyenda, ubwerere ukasake pomwe pavuta, nthawi zina nkupeza kuti olakwitsa ndi osindikiza osati iweyo. Bambo wina anati iye anaphunzira ntchito yomwe wadyera moyo wake wonse posaka zolakwika zoterozo, osati m'kalasi. Anatipatsa ZX81 kuti tiyese, kiyibodi yake ndi yafulati yopanda mabatani enieni, zala zimachita kuwawa.

Sikuti onse ankangoyamikira. Mayi wina ananena poyera kuti mabukuwo ankatuluka mothamanga, magemu ambiri ofananafanana, kungosintha dzina la kompyuta pachikuto. Mwina ali ndi mfundo, koma ine ndinatsegula limodzi lomwe linali patebulo ndipo ndinaona kuti Hartnell sankangotaya mizere, ankafotokoza kuti gawo ili likuchita chakuti, nkukulimbikitsa kuti usinthe wekha uone chichitike nchani. Gemu yosakoma imene mwana waisegula mkati nkuisintha ine ndiitenga kuposa yokongola yongodina.

Zamasana zinali zogulitsana zipangizo zakale, sizikutikhudza.

Tsono pempho langa ndi ili. Ana athu ophunzira zamakompyuta a Loweruka aja timawapatsa mafayilo okonzeka kale, amangokopera nkumata, zikayenda kuwomba m'manja, koma ukamufunsa mwana kuti mzere uwu ukutani amangokuyang'ana. Tiyese kwa temu imodzi kusindikiza timapulogalamu tatifupi ta chilankhulo cha Python papepala, tsamba limodzi osapitirira, azitayipa okha, ndipo ikakana tisathamangire kuwakonzera. Ndikudziwa aphunzitsi ena ati ana a masiku ano sapirira, tikaone kaye. Ine nditha kulemba toyamba, kagemu kolosera nambala ndi kena ka mafunso, bola wina adzipereke kuona kuti mulibe zolakwika tisanasindikize.

A msungichuma, malisiti ndakutumizirani, chenji chatsala ndibwera nacho. Za ndalama ya inki ndi mapepala chonde ziikidwe pa ajenda ya Loweruka lino.