Lipoti la nthumwi zomwe zinakaphunzira kujambula maluwa, dzuwa ndi zidindo zozungulira pa kompyuta

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la olemba zikwangwani, osindikiza malaya ndi okonza zidindo kuchokera pa Chitakale, pa Limbuli ndi ku Luchenza, munatituma ku Blantyre kuti tikamve za kajambulidwe ka zinthu zozungulira zofanana mbali zonse: duwa la pachitenje, dzuwa la mphezi (mizere ya kuwala kwake), chidindo cha sukulu, chizindikiro cha kalabu ya alimi a tiyi. Dandaulo lomwe munatipatsa linali lakuti ntchito zathu zimaoneka bwino pa kompyuta, koma zikafika pansalu kapena pa stika tsamba limodzi limapezeka lapendekeka, kapena pamatsala kampata pomwe bwalo likukumanirana. Tabwera ndi zifukwa zake komanso njira yokonzera.

Maphunziro anachitikira mu pulogalamu yojambulira ya Inkscape chifukwa ndi yaulere ndipo imayenda pa laputopu zakale, koma anationetsanso zomwezo mu CorelDRAW ndi Adobe Illustrator. Mutu wa nkhani unali umodzi: jambulani kagawo kamodzi kokha, khazikitsani mchombo (malo a pakati penipeni) wa chojambulacho musanachite china chilichonse, ndipo zotsalazo zizungulitse kompyuta, osati dzanja lanu.

Tiyambe ndi masamu, poti apa mpomwe ambiri timagwera. Bwalo lili ndi madigiri 360. Mukafuna masamba 12, tsamba lililonse litembenuke madigiri 30. Masamba 8 ndi 45. Masamba 5 ndi 72. Vuto limabwera pa nambala ngati 7. Kugawa 360 ndi 7 kumapereka 51.428 ndi tinambala tina totsatira. Munthu akalemba 51 basi, masamba 7 amangokwana madigiri 357, ndipo madigiri 3 otsalawo amasanduka mpata wa mamilimita 5 pa duwa lomwe kuchokera pamchombo kufika kunsonga ndi masentimita 10. Ngakhale 51.4 siyokwana pa chikwangwani chachikulu: pa theka la mita kuchokera pamchombo kusiyanako kumayandikira mamilimita 2, ndipo diso limaona. Mu Inkscape ndi Illustrator musawerengere pamtima. Lembani 360/7 momwemo m'kabokosi ka madigiri, pulogalamu igawa yokha. Kumbukiraninso kuti makope ndi ochepa ndi limodzi: masamba 12 ndi loyamba lija ndi makope 11. Kope la 12 limagona ndendende pamwamba pa loyamba, simuliona, koma makina odulira stika amadula pamenepo kawiri.

Kukula kwa tsamba nakonso kumawerengeka. Ngati masamba 12 ali pa mtunda wa mamilimita 50 kuchokera pamchombo, mzere wozungulira pamenepo ndi mamilimita 314, choncho tsamba lililonse lili ndi malo a mamilimita pafupifupi 26. Likaposa pamenepo ligundana ndi linzake.

Za theka la bwalo zinatitengera nthawi, chifukwa cha ntchito za pa 6 Julaye. Dzuwa la pa mbendera yathu lili ndi mphezi 31. Mukafuna kuyala mphezi 31 pa theka lathunthu la bwalo, kuyambira kumapeto kuno kufika kumapeto uko, musagawe 180 ndi 31. Zili ngati mitengo ya mpanda, mitengo 31 imakhala ndi mipata 30. Ndiye 180 kugawa ndi 30, madigiri 6. Pa bwalo lathunthu pokha mpomwe mphezi ndi mipata zimafanana kuchuluka.

Tsopano mchombo, mu Inkscape. Kokani mizere iwiri yotsogolera kuchokera pa marula a m'mbali, wina woimirira wina wogona, ndipo dinani kawiri pa uliwonse kuti mulembe nambala yake yeniyeni, mwachitsanzo 100 ndi 100 pa pepala la mamilimita 200. Pomwe ikudutsanapo mpamchombo. Jambulani tsamba limodzi pamwamba pake. Mukalidina kachiwiri, mivi ya m'makona imasanduka yokhota ndipo pakati pamaoneka kamtanda. Kamtanda kameneka ndiye potembenukira. Yatsani snapping, yomwe imamatiza chinthu pa mzere chikauyandikira, ndipo kokerani kamtandako mpaka kamamatire pomwe mizere yadutsana. Osakaika ndi diso. Kakaphonya ndi theka la milimita lokha, masamba onse azungulira malo olakwika ndipo mkati mwa duwa simugwirizana ndi bwalo lakunja.

Njira yakale, yomwe imagwira mu Inkscape iliyonse, ndi iyi. Tsegulani Transform ndi Shift+Ctrl+M, pitani pa Rotate, lembani madigiri. Dinani Ctrl+D kuti mupeze kope, kenako Apply, ndipo bwerezani mpaka bwalo litseke. Kope limatenga mchombo wa mwini wake, simufunika kusunthanso kamtanda. Mukagwiritsa Alt+D mmalo mwa Ctrl+D mumapeza clone, kope lomwe limatsatira loyamba: mukasintha mtundu kapena kukhota kwa tsamba loyamba, ena onse amasintha nthawi yomweyo. Kasitomala akabwera n'kunena kuti masamba a tiyi aja awonjezere kusongoka, mumangogwira limodzi.

Njira yomwe ife taikonda ndi ya Path Effects. Sankhani tsamba, tsegulani Path Effects mu menyu ya Path, muike Rotate Copies. Lembani chiwerengero cha makope, apa n'chiwerengero chonse, 12 ngati mukufuna 12, ndipo siyani Distribute evenly choyatsa kuti madigiri adzigawe okha. Ndi chida cha ma node (timadontho togwirira mizere) kokerani kadontho ka pakati pamchombo. Ubwino wake ngwakuti mukukonza tsamba limodzi uku mukuona duwa lonse likusintha, ndipo kuchoka pa masamba 12 kupita pa 16 n'kungosintha nambala. Muli njira zitatu: Normal imangozungulitsa, Kaleidoscope imadula chilichonse chotuluka kunja kwa kagawo kake, Fuse paths imalumikiza mizere pomwe makope akumana. Kuti tsamba lenilenilo lifanane kumanzere ndi kumanja, jambulani theka lake, muike Mirror Symmetry poyamba, Rotate Copies pambuyo. Mukasinthanitsa dongosololi mumapeza maluwa awiri oyang'anizana mmalo mwa limodzi. Theka la kagawo ndi 180 kugawa ndi chiwerengero cha masamba, ndiye pa masamba 12 jambulani mkati mwa madigiri 15.

Create Tiled Clones nayo imatha kuzungulitsa, koma imafuna kusintha manambala m'magawo angapo, ndipo mukaiwala amodzi makope amabalalika pepala lonse. Ife sitikuilimbikitsa pa ntchitoyi. Ndi yabwino poyala duwa lomalizidwa mobwerezabwereza pa chitenje.

Ambiri mwa inu muli pa CorelDRAW, ndipo palibe chifukwa choisiyira. Alt+F8 imatsegula Rotate. Zimitsani Relative center, lembani manambala a mchombo, madigiri ndi chiwerengero cha makope. Kuyambira CorelDRAW ya 2018 mulinso Symmetry pansi pa Object. Mu Illustrator dinani R, gwirani Alt n'kudina pamchombo, lembani madigiri, dinani Copy, kenako Ctrl+D mobwereza; za posachedwapa zilinso ndi Repeat ndi Radial pansi pa Object. Chenjerani apa: Ctrl+D mu Illustrator imabwereza zomwe mwangochita kumene, pamene mu Inkscape imangounjika kope pamalo omwewo. Wozolowera Illustrator akaidina kakhumi mu Inkscape amasiya masamba khumi ogonerana osadziwa.

Cholakwika chomwe chinatitsegula maso kwambiri ndi cha nyenyezi ya nsonga 5, yomwe imapezeka pa zidindo zambiri. Pulogalamu ikamaika chinthu pakati imayang'ana bokosi lomwe lachizinga, osati mchombo weniweni. Pa masamba 4, 8 kapena 12 ziwirizi zimagwirizana. Pa 3, 5 kapena 7 sizigwirizana, chifukwa nsonga ya pamwamba imafika patali kuposa za pansi. Nyenyezi ya mamilimita 100 kuchokera pamchombo kufika kunsonga imakwera 100 koma imangotsika 81, choncho mukaiika pakati pa bwalo ndi Align and Distribute imatsika ndi mamilimita oposa 9, ndipo nsonga za pansi zimayandikira mzere wakunja kuposa ya pamwamba. N'chifukwa chake zidindo zina zimaoneka ngati nyenyezi yakhala pansi. Mankhwala ake: jambulani bwalo lalikulu kuchokera pamchombo, muliphatikize m'gulu limodzi ndi nyenyeziyo, muike gululo pakati, bwalolo mulifufute pomaliza. Dziwaninso kuti mukapanga gulu latsopano kamtanda kamabwerera pakati pa bokosi, ndiye kaoneninso musanazungulitse.

China ndi kugonerana kwa masamba. Akamapitirirana, lililonse limagona pa linzake, koma lomaliza limakhala pamwamba pa awiri ndipo loyamba pansi pa awiri. Diso limathamangira pomwepo. Njira yosavuta ndi kudula tsamba loyamba lisanazungulitsidwe: pangani kope la tsamba loyandikana nalo, musankhe onse awiri, mudine Difference mu menyu ya Path ya Inkscape, kuti mbali yomwe imayenera kubisika ichokeretu. Mukazungulitsa chodulidwacho palibenso chogonerana.

Pamchombo pamafuna chisamaliro chapadera. Mizere 24 ikakumana malo amodzi, pa sikirini ya kompyuta imaoneka bwino, koma pansalu inki imadzaza n'kukhala chibanga, pa chidindo labala imalumikizana, ndipo pa stika tinsonga timanyamuka pochotsa zotsalira. Yambitsani masamba patali pang'ono ndi mchombo n'kuika kabwalo pakati. Malangizo omwe tinapatsidwa ndi akuti pansalu mzere kapena mpata usachepere theka la milimita, ndipo pa stika kachidutswa kasachepere mamilimita 2. Yesani zimenezi pa kukula komwe musindikize. Chizindikiro chomwe chakongola pa chikwangwani cha mita imodzi chikachepetsedwa kufika pa thumba la malaya chimafuna masamba ochepa.

Mawu ozungulira chidindo amaikidwa ndi Put on Path mu menyu ya Text. A pansi akatuluka chadodolido, apatseni bwalo lawolawo n'kulitembenuza ndi Reverse mu menyu ya Path. Bwalo la pansilo likhale lalikulu pang'ono, molingana ndi msinkhu wa zilembo, chifukwa zilembo za pamwamba zimaima kunja kwa mzere pamene za pansi zimaima mkati.

Potumiza ntchito kosindikiza kapena kodula, sungani mafayilo awiri. Yoyamba ndi yanu, ya Inkscape SVG, momwe ma clone ndi Path Effects akadali amoyo. Yachiwiri ndi yotumiza. M'menemo masulani ma clone ndi Shift+Alt+D, sandutsani zonse ndi mawu omwe kukhala mizere ndi Shift+Ctrl+C, ndipo mizere yonenepa muisandutse ndi Ctrl+Alt+C, chifukwa mpeni wa makina umangodutsa pakati pa mzere, kunenepa kwake sukuona. Kenako lumikizani zamtundu umodzi ndi Union, yomwe mu CorelDRAW ndi Weld. Union ndiyo imachotsa timizere toyera tomwe timaoneka pakati pa magawo ndiponso kudula kawiri kuja. Ikani kabokosi ka mamilimita 100 pambali pa chojambula. Inkscape imawerenga madontho 96 pa inchi, Illustrator 72, ndipo SVG ikadutsa pakati pa ziwirizi imatha kusintha kukula; wolandira akayeza kabokosiko adziwa pompo. PDF ndiyo imasunga miyeso bwino. Mitundu ya Inkscape ndi ya RGB, yomwe ndi ya pa sikirini ya kompyuta, choncho pemphani kope limodzi loyeserera musanalole mazana, makamaka pa zobiriwira za tiyi zomwe zimazilala zikasindikizidwa. Autosave, yomwe imasunga ntchito yokha, ili mu Preferences, ichepetseni ifike pa mphindi 5 chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi.

Tikupempha komiti ivomere zinthu ziwiri ntchito za zitenje ndi malaya a Mulhako wa Alhomwe ku Chonde zisanachuluke mu Okutobala. Choyamba, gulu likhale ndi fayilo imodzi yoyambira ya mamilimita 200, yokhala kale ndi mizere ya mchombo, mabwalo a chidindo ndi kabokosi koyezera. Chachiwiri, tikumane tsiku Loweruka lomwe Apampando asankhe, aliyense abwere ndi laputopu, fulashi ndi ntchito imodzi yomwe inatuluka yopendekeka, kuti tiitsegule limodzi tione ngati vuto linali madigiri, mchombo kapena bokosi. Inkscape tabwera nayo pa fulashi, simufunika bando.