Lipoti la ulendo wa ku New Delhi

Mamembala anzanga, ndabwerako bwino ku msonkhano wa osema ndi oumba munanditumako uja. Malisiti onse ali kwa msungichuma, ndiye amene akufuna kuona za ndalama apite kumeneko.

Dzina lomwe linali pakamwa pa aliyense ndi Subodh Gupta, wobadwa mu 1964 ku Bihar. Mkuluyu sasema mtengo ngati ife, amatenga mapoto, mbale, zidebe ndi zitini zosanjikiza zija amwenye amanyamulira nkhomaliro, amati tiffin, nkuziwotcherera pamodzi. Anationetsa zithunzi za Very Hungry God, chigaza cha munthu chachikulu cha ziwiya zokhazokha chomwe anachionetsa koyamba mu tchalitchi ku Paris mu 2006, ndiye taganizani mbale zopanda kanthu mbwee zapanga mutu wa maliro, palibenso anafunsa kuti zikutanthauza chani, njala tonse timaidziwa. Chomwe ndinachiona ndi maso ndi mtengo wachitsulo panja pa National Gallery of Modern Art, nyumba yoonetsera zaluso ku New Delhi komweko, nthambi zake zabereka mapoto, dzina lake Dada, kwawoko ndi agogo aamuna (ndinaseka ndekha nditakumbuka anzathu aku Rumphi). Akazi a Gupta, a Bharti Kher, nawonso ndi katswiri, anapanga njovu yogona pansi thupi lonse atamata ma bindi, timadontho tomwe azimayi amaika pachipumi tija.

Koma ndinene chilungamo, za Gupta ndi zokongola koma si za thumba lathu. Ziwiya zambiri ndi zonyezimira zachitsulo chosachita dzimbiri, pamafunika owotcherera angapo, magetsi odalirika ndi galimoto yonyamulira, ife makina owotcherera timachita kubwereka.

Amene anandigwira mtima ndi Nek Chand. Tinakwera sitima kupita ku Chandigarh kukaona Rock Garden yake. Bamboyu anali woyang'anira misewu m'boma, ndipo kuyambira cha m'ma 1957 amati akaweruka nkumatola mbale zosweka, zibangili zothyoka, masoketi amagetsi, amanyamula pa njinga kupita nazo kutchire nkumaumba anthu ndi nyama ndi simenti mobisa, zaka zambirimbiri osadziwika mpaka aboma anatulukira, anafuna kugwetsa poti malowo sanali ake koma anthu anakana, mu 1976 anatsegula kuti aliyense azilowa. Anamwalira mu 2015. Ndinaima pamzere wa azimayi ovala zibangili zosweka thupi lonse mpaka anzanga anachita kundikoka kuti sitima itisiya.

Ndiye pempho langa ndi ili, mphingo ukusowa ndipo ukudula, tonse tikudziwa. Tiyese chinthu chimodzi chokha kaye, cha simenti ndi waya, tiitaneko amisiri okhoma zidebe ndi mbaula kumsika aja atithandize kudula malata. Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi mapoto obooka, makapu osweka, matcheni a njinga, musatsuke, mwaye wakewo ndikuufuna. Apampando, thumba limodzi la simenti lichokere m'thumba la gulu kapena tisonkhe?